Kodi tonse tikumva nyimbo yomweyo? Za lossless, Bluetooth ndi makutu athu

Mu Seputembala 2025, kampani ya Spotify, imene imamveretsa anthu nyimbo pa intaneti, inalengeza kuti anthu amene amalipira mwezi ndi mwezi ayamba kumvera nyimbo mu lossless, kutanthauza mafayilo a nyimbo amene achepetsedwa popanda kutaya mbali iliyonse ya mawu. Apple Music inali itayamba kale zimenezi mu 2021. Nkhaniyi itangomveka, mkangano wakalekale unadzukanso. Ena ankati makutu awo atseguka, tsopano akumva tinthu tina m'nyimbo timene kale sitinkamveka. Ena ankati ayesa kumvetsera mobwerezabwereza koma palibe chasintha, ndipo anzawowo akungodzinamiza.

Mkangano wofanana ndi umenewu umabuka pafupifupi Lachisanu lililonse, poti kuyambira mu 2015 makampani a nyimbo padziko lonse anagwirizana kuti zimbale zatsopano zizituluka tsiku limeneli. Chimbale chikangotuluka, wina alemba kuti chajambulidwa mwaluso ndipo chida chilichonse chikumveka pachokha. Mnzake alemba kuti bezi yachuluka mpaka yaphimba mawu a woimba. Onse awiri akulankhula motsimikiza, ndipo n'zotheka kuti palibe amene akunama.

Anthu awiri akamatsutsana za buku la nthano, timadziwa kuti anawerenga mawu ofanana. Wina akati mathero ake ndi ofooka, mnzake n'kuti ndi ogwira mtima, asiyana maganizo basi, koma tsamba lomaliza ndi limodzi kwa onse. Ndi nyimbo sizili choncho. Kuchokera mu situdiyo kukafika m'khutu, mawu amadutsa malo angapo amene amawasintha, moti anthu awiri akhoza kukangana usiku wonse za nyimbo imene aliyense anaimva mosiyana. Tiyeni titsate ulendo umenewu.

Mawu akasanduka manambala

Chimene timachitcha mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Nsambo ya gitala ikagwedezeka imakankha mpweya, mpweyawo n'kukagwedeza nembanemba ya m'khutu. Kunjenjemerako kukamachitika pang'onopang'ono timamva mawu aakulu, a pansi. Kukamachitika mofulumira timamva mawu ang'ono, akuthwa. Akatswiri amawerenga kuti kunjenjemerako kukuchitika kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake ndi Hz. Nsambo yaikulu kwambiri ya gitala ya bezi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz. Khutu la munthu wachinyamata wa thanzi limamva kuyambira cha pa 20 Hz mpaka cha pa 20,000 Hz.

Foni kapena kompyuta siingasunge kunjenjemera, imasunga manambala. Ndiye pojambula, makina amayeza mphamvu ya mawuwo kambirimbiri pa sekondi n'kumalemba zimene apeza. Pamene Sony ndi Philips ankatulutsa CD mu 1982, anakhazikitsa kuti kuyezaku kuzichitika ka 44,100 pa sekondi iliyonse, ndipo muyezo uliwonse uzilembedwa ndi ma bit 16. Bit ndi kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga mu kompyuta, ndipo ma bit 16 amapereka masitepe 65,536 osiyanitsira mawu ofooka ndi amphamvu.

Nambala ya 44,100 sinangotoledwa. Masamu a akatswiri awiri, Harry Nyquist ndi Claude Shannon, amasonyeza kuti ukayeza mawu mopitirira kawiri liwiro la kunjenjemera kwake, ukhoza kuwabwezeretsa onse bwinobwino. Popeza khutu limalekezera pa 20,000, kuyeza kopitirira 40,000 n'kokwanira. Mukachulukitsa 44,100 ndi 16, kenako ndi 2 chifukwa cha sipika ya kumanja ndi ya kumanzere, mupeza ma bit 1,411,200 pa sekondi. N'chifukwa chake mumaona polemba kuti CD ndi 1,411 kbps (kbps imodzi ndi ma bit 1,000 pa sekondi). Nyimbo ya mphindi zinayi imadya malo pafupifupi 42 MB.

Palinso chimene amachitcha hi-res, kumene kuyeza kumafika ka 96,000 kapena ka 192,000 pa sekondi, ndi ma bit 24. Mu situdiyo ubwino wake ndi wosakayikitsa, chifukwa wosakaniza nyimbo amakhala ndi danga lalikulu lokwezera ndi kutsitsira zida popanda kuwononga kanthu. Koma ngati womvera kunyumba amapindula nazo, apo ndiye akatswiri eniakewo sagwirizana.

Chimene MP3 inataya, ndi chifukwa chake ambiri sitinazindikire

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, fayilo ya 42 MB inali katundu wolemera. Intaneti inali yochedwa, makompyuta anali ndi malo ochepa. Gulu la akatswiri a ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, limodzi ndi Karlheinz Brandenburg, linatsogolera ntchito yopeza njira yochepetsera fayilo popanda womvera kudandaula. Zotsatira zake ndi MP3, imene inavomerezedwa ngati muyezo wa padziko lonse mu 1993.

Luso lake lagona pa kufooka kwa khutu lathu. Mawu amphamvu akamalira, khutu silimva mawu ofooka amene ali pafupi nawo m'kamvekedwe. Woimba ng'oma akamenya mwamphamvu, kaphokoso kakang'ono ka chala chikutsetsereka pa nsambo ya gitala kamakhalapo ndithu mu mpweya, koma ubongo sukalandira. Kuphimbikaku kumapitirira ngakhale kwa kanthawi kochepa kwambiri ng'omayo italira kale. MP3 imawerengera kuti ndi mawu ati amene aphimbika, n'kuwataya kapena kuwalemba mosasamala kwenikweni. Ikapanikizidwa mpaka 128 kbps, nyimbo ija ya 42 MB imatsala yosakwana 4 MB. Pa 320 kbps, pamene ndi pamapeto pa MP3, imakhala pafupifupi 10 MB.

Njira zonse zotaya mbali ina ya mawu zimatchedwa lossy. Mwa izo muli AAC, imene inabwera mu 1997 ndipo Apple Music imaigwiritsa ntchito pa 256 kbps, komanso Ogg Vorbis imene Spotify yakhala ikugwiritsa ntchito mpaka 320 kbps. Lossless ndi njira yochepetsa fayilo osataya kanthu ngakhale kamodzi. Yotchuka kwambiri ndi FLAC, imene inatuluka mu 2001, ndipo Apple ili ndi yakeyake yotchedwa ALAC.

Taganizirani munthu amene akulongedza zovala mu sutikesi yaing'ono. Akhoza kuzipinda mwaluso n'kuzipanikiza mpaka zonse zilowe. Akakafika, atulutsa chilichonse chimene ananyamuka nacho. Imeneyo ndiye lossless, ndipo malire ake ndi oti sutikesiyo siingachepe kwambiri: FLAC imachepetsa fayilo kufika pa theka kapena kupitirirako pang'ono. Apo ayi, akhoza kusiya zovala zimene akuganiza kuti sakazivala, n'kuyenda ndi kachikwama kopepuka. Imeneyo ndiye lossy. Ngati anasankha bwino, sadzazikumbuka n'komwe zimene anasiyazo. Ngati anasiya zambiri, adzaona kuperewera.

M'nyimbo, kuperewerako kumayamba kumveka pa mawu akuthwa ndi osokonekera: mbale zachitsulo za pa ng'oma za bandi zimamveka ngati zikulirira m'madzi, kuwomba m'manja kwa gulu la anthu kumamveka kophwanyikaphwanyika. Pa 128 kbps kapena kutsikirapo, anthu ambiri akhoza kuzimva akatchera khutu. Pa 256 kapena 320 nkhani imasintha kwambiri, monga tionere kutsogoloku.

Mfundo ina imene imasokoneza ambiri ndi iyi: chotayidwa chatayidwa. Mukatenga MP3 n'kuisandutsa FLAC, fayilo ikula koma mawu otayika aja sabwerera. Ndipo nyimbo ikapanikizidwa kawiri katatu, mwachitsanzo yachotsedwa pa vidiyo, kenako n'kusinthidwanso kuti itumizidwe, ulendo uliwonse imataya kenakake. Anthu ena amene amanyoza kajambulidwe ka nyimbo yatsopano amakhala atamvera fayilo yotopa yoteroyo.

Bluetooth, pamene msewu umapanikizika

Mu 2016 Apple inatulutsa iPhone 7 yopanda bowo lolowetsapo waya wa mahedifoni, ndipo makampani ena ambiri anatsatira. Lero anthu ochuluka amamvera nyimbo kudzera pa Bluetooth. Vuto ndi loti Bluetooth wamba siitha kunyamula ma bit 1,411,200 pa sekondi mosadukiza. Choncho foni imatenga nyimbo ija, kaya ndi lossless yoyera bwanji, n'kuipanikizanso isanaitumize ku mahedifoni.

Njira yopanikizirayo imatchedwa codec. Chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa Bluetooth chimayenera kukhala ndi SBC, imene nthawi zambiri imalekezera cha pa 328 kbps. Pamwamba pake pali AAC, aptX ya kampani ya Qualcomm, ndi LDAC ya Sony imene imafika 990 kbps. Kuti codec igwire ntchito, foni ndi mahedifoni zonse ziyenera kuidziwa. Ngati chimodzi sichiidziwa, zimagwirizana pa imene zonse zili nayo. iPhone siigwiritsa ntchito aptX kapena LDAC, choncho mahedifoni odula a LDAC akalumikizidwa ku iPhone amagwera ku AAC kapena SBC. LDAC yomweyo imatsikira pa 660 kapena 330 kbps kulumikizana kukafooka.

Apple yomwe inanena poyera kuti nyimbo zodutsa pa Bluetooth si lossless, ndipo Spotify nayo inalangiza anthu kugwiritsa ntchito waya kapena Wi-Fi kuti apindule mokwanira. Ndiye munthu amene wavala timahedifoni topanda waya n'kumati akumva kukoma kwa lossless, kodi akunama? Osati kwenikweni. Kale nyimbo yake inkapanikizidwa kawiri, koyamba ndi Spotify, kachiwiri ndi Bluetooth. Tsopano ikupanikizidwa kamodzi. Kusiyana kungakhalepo. Koma chimene chikufika m'khutu mwake si fayilo yathunthu ija.

Chipangizo cha pakhutu ndiye chimasintha zambiri

Ine ndimaona kuti mikangano yambiri imathera pa manambala a fayilo, pamene kusiyana kwakukulu kuli pa chinthu chimene chikutulutsa mawuwo. Palibe mahedifoni kapena sipika imene imatulutsa mawu onse mofanana. Ina imakweza bezi, ina imakweza mawu a pakati pamene pamakhala liwu la woimba, ina imanola mawu akuthwa. Akatswiri amayeza zimenezi n'kujambula mzere wosonyeza kuti pa Hz iliyonse chipangizocho chikukweza kapena kutsitsa motani. Mizere ya mahedifoni awiri a makampani osiyana imatha kutalikirana ndi madesibelo angapo, desibelo kukhala muyezo wa kukula kwa mawu. Kusiyana koteroko aliyense amakumva nthawi yomweyo, pamene kusiyana kwa 320 kbps ndi lossless kumafuna kutchera khutu kwambiri.

Tengani timahedifoni tolowetsa m'khutu tija. Kumapeto kwake kumakhala kalabala kofewa, ndipo m'bokosi amaikamo timalabala ta misinkhu itatu kapena kuposerapo. Kalabalako kakachepa n'kusiya mpata ngakhale waung'ono, mpweya umathawa ndipo bezi imazimiririka. Nyimbo imamveka yowonda, yopanda thupi. Munthu yemweyo akasintha n'kuika kalabala komukwana bwino, bezi imabwerera yonse. Anthu awiri ogula chipangizo chimodzimodzi akhoza kulemba ndemanga zotsutsana chifukwa cha kalabala kameneka, ndiponso chifukwa mabowo a makutu athu anaumbidwa mosiyana.

Sipika ya pafoni ndiye siitha n'komwe kutulutsa mawu a pansi kwambiri, chifukwa kuti 41 Hz imveke pamafunika kukankha mpweya wambiri, ndipo kasipika kakang'onoko sikangathe. Munthu womvera chimbale pa sipika ya foni ndi womvera pa masipika aakulu amva nyimbo ziwiri zosiyana.

Kodi pali kamvekedwe kamene anthu ambiri amakakonda? Kampani ya Harman, motsogozedwa ndi katswiri wake Sean Olive, inachita kafukufuku kwa zaka zingapo kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, kumvetsera anthu mahedifoni osiyanasiyana osawauza dzina kapena mtengo wake. Anapeza mzere umene ambiri anaukonda, wokhala ndi bezi yokwezedwa pang'ono, ndipo lero olemba ndemanga ambiri amayerekeza zipangizo ndi mzere umenewu. Koma kafukufuku yemweyo anasonyezanso kuti pali gulu lofuna bezi yochulukirapo ndi gulu lina lofuna yocheperapo. Ngakhale pamene sayansi yayeza mosamala, malo a kukonda kwa munthu amatsalabe.

Za mahedifoni oletsa phokoso tingonena mwachidule. Amakhala ndi timaikolofoni tomvera phokoso la kunja, n'kutulutsa mawu otsutsana nalo kuti ziwirizo zifafanizane. Amachita bwino pa phokoso lotsika losasintha monga kulira kwa injini, koma amavutika ndi mawu a anthu kapena phokoso ladzidzidzi. Phokoso la kunja likachepa, tinthu tating'ono ta m'nyimbo timayamba kumveka, ndipo ambiri amaganiza kuti fayilo ndiyo yasintha.

Chokwera chimamveka ngati chokoma

Mu 1933, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs ku America anasonyeza kuti khutu silimva mawu onse mofanana pa voliyumu iliyonse. Voliyumu ikakhala yotsika, bezi ndi mawu akuthwa kwambiri zimafooka m'khutu kuposa mawu a pakati. Mukakweza pang'ono, zimadzuka, nyimbo n'kumveka yodzaza. Zotsatira zake n'zoti mukayerekeza zinthu ziwiri, chimene chakwera pang'ono chabe chimamveka ngati chabwino kuposa chinzake, ndipo womverayo sanena kuti chakwera, amati chayera.

Opanga nyimbo anazidziwa zimenezi kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mpaka za m'ma 2000 panali mpikisano woti chimbale chilichonse chimveke mokweza kuposa cha mnzake. Popeza CD ili ndi denga limene mawu sangapitirire, njira yake inali kukweza mbali zofatsa za nyimbo n'kudula nsonga za mbali zamphamvu, mpaka nyimbo yonse imveke mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kupanikiza kumeneku n'kosiyana ndi kwa MP3 kuja. Kumachitika mu situdiyo, pa gawo lomaliza lokonza nyimbo isanatuluke, ndipo lossless siingakuchotse: idzakubweretserani mokhulupirika nyimbo yopanikizidwayo mmene ilili. Ena amakonda mphamvu yake, makamaka pomvera pamalo aphokoso. Ena amati imatopetsa makutu ndipo ng'oma zimataya ukali wake.

Masiku ano mapulogalamu omverera nyimbo amalinganiza okha kukwera kwa nyimbo zonse. Spotify imazibweretsa pa muyezo wa -14 LUFS, umene umayeza kukwera kwa nyimbo yonse monga khutu limaimvera. Nyimbo yokwezedwa kwambiri imatsitsidwa. Koma kulinganizaku munthu akhoza kukuzimitsa pa foni yake, choncho wina amene wakuzimitsa ndi wina amene wakusiya amva chimbale chomwecho mosiyananso. N'chimodzimodzi ndi zimbale zakale zimene zakonzedwanso n'kutulutsidwa kachiwiri: nthawi zambiri kusiyana kumene anthu amamva kumachokera pa kukonzansoko, osati pa mtundu wa fayilo.

Pankhani ya voliyumuyi pali chinthu chimodzi chimene si cha maganizo a munthu. Bungwe la World Health Organization limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera pa madesibelo 80, ndipo pa madesibelo 90 nthawiyo imatsikira pa maola anayi okha. Bungweli limachenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pangozi yowononga makutu chifukwa cha kamveredwe kotere. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso, ndipo mawu akuthwa, omwe anthu amakanganirana pa nkhani ya lossless, ndiwo amayamba kutayika.

Khutu, zaka ndi chiyembekezo

Ngakhale popanda phokoso, khutu limakalamba. Malire aja a 20,000 Hz amatsika pang'onopang'ono munthu akamakula, moti ambiri a zaka za pakati samvanso mawu akuthwa kwambiri amene mwana amamva. Wolemba ndemanga wa zaka 20 ndi wa zaka 55 akhoza kusiyana pa chipangizo chimodzi, wina n'kumati chikubaya m'makutu, wina n'kumati chili bwinobwino, onse akunena zoona zokhazokha.

Kenako pali ubongo. Munthu akadziwa kuti akumvera chipangizo chodula kapena fayilo yapamwamba, amamvetsera mwachidwi, ndipo chidwicho chimamuonetsa zinthu zimene zinalimo kale koma sankazilabadira. Kumeneku si kunama. Amamvadi zimene akunenazo. Pofuna kusiyanitsa zochokera m'fayilo ndi zochokera m'chiyembekezo, akatswiri amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa ABX. Womvera amapatsidwa A, kunena kuti lossless, ndi B, kunena kuti 320 kbps, zonse pa voliyumu yofanana ndendende. Kenako amapatsidwa X osauzidwa kuti ndi iti, ndipo ayenera kunena ngati ndi A kapena B. Amabwereza kambiri, chifukwa wongolota akhoza kulondola theka la maulendowo. Pa mayeso otere, anthu ambiri amavutika kusiyanitsa lossless ndi fayilo ya lossy yopanikizidwa bwino pa 256 kapena 320 kbps. Ena ozolowera, pa zipangizo zabwino, m'chipinda chachete, ndiponso pa zigawo zina zovuta za nyimbo, amatha. Choncho mbali zonse ziwiri za mkangano uja zili ndi poimira.

Pa nyimbo zatsopano pali chinanso. Mu 1968 katswiri wa za maganizo Robert Zajonc anasonyeza kuti anthu amayamba kukonda chinthu chifukwa chongokumana nacho mobwerezabwereza. Nyimbo imene inamveka yachilendo Lachisanu imatha kukhala yokondedwa pakatha milungu iwiri, popanda chilichonse kusintha mu fayilo. Ndemanga zolembedwa maola ochepa chimbale chitatuluka zili ndi phindu lake, zimatiuza mmene chinawagundira anthu koyamba, koma ndimaziwerenga ndikudziwa kuti olembawo akhoza kudzalankhula zina mwezi ukatha.

Powerenga ndemanga za ena

Ndemanga yothandiza imasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali zimene zingayezedwe: chipangizochi chimakweza bezi, batire yake imatha maola akuti, chimagwiritsa ntchito codec yakuti. Ndiye pali zimene wolembayo amakonda: bezi imeneyi ikundisangalatsa, nyimbo yachitatu yandikhudza. Zoyambazo mukhoza kuzitsimikizira kwina. Zachiwirizo zimakuthandizani pokhapokha mutadziwa kuti wolembayo amakonda zotani, amamvera nyimbo za mtundu wanji, ndipo anamvera pa chiyani, pa waya kapena pa Bluetooth, m'nyumba mwachete kapena pamsewu. Wolemba amene amanena zimenezi poyera ndimamukhulupirira kwambiri, ngakhale pamene zokonda zathu zasiyana.

Amene akufuna kudziyesera yekha ayambe waona zimene foni yake ikuchitadi. Pa Spotify, lossless siiyamba yokha. Muyenera kuiyatsa pa chipangizo chilichonse pachokha, ndipo pali malo osiyana osankhira za Wi-Fi, za data ya pafoni, ndi za nyimbo zosunga. Mapulogalamu ambiri amatsitsa okha mulingo wa nyimbo netiweki ikafooka, osakuuzani. Nyimbo zimene munasunga kale mufoni zimakhalabe mmene munazisungira mpaka mutazichotsa n'kuzikoperanso. Ndipo kumbukirani kuti nyimbo ya mphindi zinayi imene inkadya 10 MB idzadya kawiri kapena katatu kuposa pamenepo, pa data ndi pa malo a mufoni momwe.